Injini Isanatenthe

— Halo?

— Halo, Fermín? Ukundimva?

— Ndani? Griselda? Lankhulanso, netiweki muno ndi yovuta.

— Ndine, mlongo wako amene unamuiwala uja.

— Aaa, achemwali, mwayamba kale? Ngakhale moni?

— Chabwino. Waswera bwanji, Chimutu?

— Ndaswera bwino, kaya iwe. Koma dzina limenelo lisiye, ndili ndi imvi tsopano.

— Imvi zimachepetsa mutu ngati? Alamu anga a Noelia ali bwanji?

— Ali bwino, apita kumsika ndi mwana. Nanga kumeneko ku Rafaela?

— Tilipo. Chisanu chokha, madzi a m'mpopi akuluma zala. Ku Rosario?

— Chimodzimodzi. Agalu ako aja?

— Akudya, akunenepa.

— Ntchito?

— Ikuyenda. Fermín, tadikira. Chikulira kumenekocho n'chiyani?

— Palibe. Ndi wailesi ya aneba.

— Bodza! Ndikumva akodiyoni. Chimenecho ndi chamamé!

— Ndati ndi ya aneba.

— Nanga bwanji yachepa mawu nditangofunsa? Aneba akowo akumvera foni yathu?

— Iwe, uli ndi mayunitsi ambiri eti?

— Ochepa kwambiri, koma pa nkhani iyi ndilolera athe. Iwe kumvera chamamé? Si iwe unkati nyimbo za ababa ndi za pamaliro a ng'ombe?

— Ndinali mwana.

— Mwana wa tsitsi lofika m'chiuno! Malaya akuda a chigaza pamtima, magitala akulira ngati munthu akucheka malata. Amayi ankatseka mawindo kuti ansembe akamadutsa asamve.

— Nyimbo zimene zija zinali ndi uthenga, Gri.

— Uthenga wanji? Munthuyo ankangokuwa. Kenako utaona Noelia, tsitsi lonse pansi, nsapato zoyera, wayamba kuvina gule uja wa kumbiya.

— Ndipo ndinkavina bwino.

— Unamuponda phazi pa ukwati wako womwe, ndinalipo. Zitatha izo kunabwera zija zopanda mawu, dum dum dum, unkati ndi nyimbo za m'tsogolo.

— Makutu amakula, achemwali. Munthu sungamamvere chinthu chimodzi mpaka kufa.

— Ndiye akula mpaka afika pa akodiyoni ya ababa.

— Waimbira zimenezi?

— Ayi. Ukudziwa chimene ndinapeza pa foni sabata yatha? Pulogalamu yathu ija ya ng'ona.

— Ng'ona yokonza njinga? Usandiuze!

— Yomweyo, ndi kachipewa kake kofiira.

— Imene inkameza sipanala ikakwiya! Iii, Gri. Ilipobe?

— Wina anaiika. Ndi chidole cha nsalu chabe, dzanja la munthu likuchita kuoneka m'khosi.

— Usandiwonongere ubwana wanga. Kwa ine inali ng'ona yeniyeni.

— Ndikudziwa. Unkathamanga kuchokera kusukulu, mkaka m'kapu, buledi m'dzanja, mphuno pagalasi la TV.

— Vuto linali Lamlungu.

— Eya! Ng'ona ili pakati pokonza tcheni, ababa alowa ndi pulayala yawo ija.

— Poti batani losinthira linathyoka. Kungoti khwe, ng'ona yapita, pabwera mpikisano wa magalimoto.

— Unalira mpaka aneba athu a Benítez anasuzumira pampanda kufunsa ngati wapsa ndi moto.

— Ndi tsiku lomwelo ababa anandikhazika pamwendo n'kunditseka maso ndi chikhatho. Chinkanunkha girisi. Akuti, Chimutu, tamvera, ikudutsayi ndi Ford kapena Chevrolet?

— Ukalondola, soseji.

— Ndikaphonya, ankadya okha ine ndikuona. Mwezi usanathe ndinkazidziwa zonse ndi khutu, ng'ona ndinaiiwala.

— Nyimbo wasintha kanayi, koma Ford sunaisiye.

— Nyimbo ndi malaya, Gri. Ford munthu umabadwa nayo. Koma iwe, ng'ona umaifuniranji pa msinkhu wakowu?

— Ndimawaonetsa ababa.

— ...

— Halo? Fermín? Yaduka?

— Ndilipo.

— Wafunsa za chisanu, za agalu, za ntchito. Munthu mmodzi yekha sunamufunse.

— Ali bwanji?

— Thupi lili bwino. Akudya, akuyenda pabwalo. Mutu ndi umene ukupitabe. Ng'ona anaiyang'ana ngati khoma. Ndinayesa chamamé pa wailesi, anangogona.

— Ndiye ukufuna ndidzatani? Adokotala ananena kale kuti matenda oiwalawa sabwerera m'mbuyo.

— Chichokere pa Khirisimasi sunapondeko kuno. Rosario si kutsidya kwa nyanja.

— Unalipo pa Khirisimasi. Unaona.

— Ndinaona.

— Anandipatsa mpando, Gri. Anavula chipewa, akuti, bambo, mwabwera kudzawerenga mita ya magetsi? Ine, mwana wawo. Ndinakalowa m'bafa kukalira ngati kamwana. Sindingathenso. Ndikuopa, ndanena poyera.

— Ine amanditcha mayi ophika. Tsiku ndi tsiku amandithokoza mwaulemu n'kufunsa ngati ndimakhala kutali. Ukuganiza kuti sizindipweteka?

— Iwe ndiwe wolimba mtima.

— Sindine wolimba, ndine wapafupi basi. Koma sindinaimbe kuti tikangane, mayunitsi anditha. Tamvera za Lamlungu lapitali.

— Chinachitika n'chiyani? Anagwa?

— Ayi. Ndimawadyetsa pakhonde. A Benítez kwawoko atsegula TV mwamphamvu monga mwa masiku onse, mpikisano uli m'kati. Ndikungoona ababa akankha supuni, apendeketsa mutu. Akuti, Chevrolet iyo.

— Aaa, anangolota.

— Inenso ndinatero. Patapita kanthawi akuti, iyo ndiye Ford, tamva kukoma kwake. Ndinathamangira kumpanda kukafunsa a Benítez. Analondola zonse ziwiri.

— Zoona?

— A Benítez anachita kubwera ndi TV yawo pakhonde pathu, waya ukukwekwereka. Anakhala awiriwo mpaka mpikisano kutha. Ababa sakuwadziwa a Benítez kuti ndi ndani, koma ankawanyoza bwinobwino kuti ndi munthu wa Chevrolet.

— Hahaha! Ndiye ababa amenewo.

— Sindinathe. Utatha anandifunsa kuti mpikisano wa kuno kwathu uli liti. Ndinati Lamlungu likubwerali. Kenako akuti, nanga Chimutu ali kuti? Akamange nsalu pawaya wa kubwalo la mpikisano Lachisanu, malo oonerera atilanda.

— Anatero?

— Ndi pakamwa pawo.

— Anati Chimutu?

— Sanati wa magetsi.

— Gri, usandinamize kuti ndibwere.

— Ndinakunamizapo liti? Kupatula za ng'ona kuti imakhala kuseri kwa TV.

— Koma malo athu aja anapita kalekale. Pakona paja aliyense amapafuna. Chidwalire ababa sitinamangepo nsalu, ndipo ukudziwa lamulo la pawaya: wamanga Lachisanu, malo ndi ako, sunamange, usadandaule.

— Malo alipo.

— Alipo bwanji?

— A Benítez. Chaka chilichonse akamanga mbendera yawo, amamanganso thaulo pamalo athu. La buluu.

— A Benítez? Kugwira chinthu cha buluu, mtundu wa Ford? Munthu amene anakana kukwera galimoto ya ababa mvula ikugwa, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba?

— Omwewo. Akuti amalinyamula m'pepala kuti anzawo a Chevrolet asaone, koma anawagwirabe, mpaka lero amawaseka. Akuti popanda ababa, Anselmo wawo woti azikangana naye, nyama yowotcha sikoma.

— Ine sindinkadziwa.

— Inenso ndamva Lamlungu lomweli. Koma anena kuti chaka chino samanga. Akuti Anselmo waitanitsa nsalu yake, ndiye pabwere nsalu yeniyeni ndi mwana wake, apo ayi malowo apite.

— Mdala wovuta uja.

— Akunena zoona. Ndiye ndimati ndifunse. Nsalu ija, katani ya amayi imene ababa anadula pabalaza...

— Amayi sanawalankhule sabata yathunthu.

— Ndasanthula nyumba yonse, palibe. Ndikuganiza kuti inatsalira m'buti ya galimoto. Galimotoyo unaitenga iwe ababa atasiya kuyendetsa. Ngati unagulitsa, ingondiuza, sindikwiya.

— Sindinagulitse.

— Ili kuti?

— Ndakhalamo.

— Wati chiyani?

— Ndakhala m'galimotomo panopa, m'galaja. N'chifukwa chake netiweki ikuvuta. Chamamé wamvacho ndi kaseti ya ababa, inakanirira m'wailesi, situluka.

— Situluka, kapena sufuna kuitulutsa?

— Poyamba inkakana. Pano ndine.

— Chimutu iwe...

— Ndakhala ndikuikonza pang'onopang'ono Loweruka lililonse. Noelia akuti ndakwatira mkazi wachiwiri. Nsalu ili pampando wakumbuyo, ndinaichapa.

— Ikulira galimotoyo?

— Mwezi watha inalira.

— Usadule. Ababa ali pompano pakhonde, ndikuwapatsa foni.

— Ayi, Gri, dikira! Sindinakonzeke, ine...

— Ababa, foni yanu iyi. Gwirani apa. Ayi, mbali iyi kukhutu.

— Griselda!

— Halo? Ndani akulankhula?

— Ndine... ndine Fermín, ababa. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera bwino, zikomo, kaya inu bambo. Fermín... Pepani, sindikukudziwani. Ngati ndi za magetsi, lankhulani ndi mayi ophikawa.

— Si za magetsi.

— Ndiye mwalakwitsa nambala. Tsalani bwino.

— Musadule! Chonde. Ndamva kuti mumadziwa magalimoto. Ndili ndi ina pano, ndimati mundimverere injini yake.

— Ndani wakuuzani?

— Anthu onse a ku Rafaela amatero.

— Hm. Sananame. Tailizani timve.

— Dikirani pang'ono... Iyo. Mukuimva?

— Yandikitsani foni. Ndikumva nyimbo zokhazokha.

— Ndazimitsa nyimbo. Ndiponde mafuta kuti mumve bwino. Pano?

— Ford.

— Mwalondola.

— Ya masilinda sikisi. Yakale. Tadikirani... kugogoda kumeneko ndikukudziwa. Imeneyo ndi yanga! Ndani akuiponda mafuta chonchoyo? Chimutu! Ndiwe?

— Ndine, ababa.

— Ndinakuuza kangati kuti injini isanatenthe saponda mafuta? Ukufuna kundiphera galimoto?

— Pepani, ababa.

— Pepani amakonza injini? Chotsa phazi! Isiye ipume yokha. Eya... choncho. Wamva mmene ikuyankhulira?

— Ndamva.

— Mutu waukulu wonsewo, koma zosalowa. Nsalu wamanga?

— Ndimanga Lachisanu.

— M'mamawa. A Chevrolet aja amadzuka ndi nkhuku, atilanda pakona. Mfundo ziwiri, osati imodzi, kumawomba mphepo kuja.

— Mfundo ziwiri, ababa.

— Mawu akowo atani? Ukulira?

— Ndi utsi, ababa.

— Ndiye tsegula chitseko cha galaja, chitsiru iwe! Mayi, tengani foni yanu, mwana uyu andipha ndi mtima.

— Halo? Fermín, ndine. Ndamva zonse.

— Anditukwana, Gri.

— Ndamva.

— Anditcha chitsiru. Chichokere zaka zingati...

— Tsegula kaye chitsekocho, usatifere m'galaja.

— Ndatsegula, ndazimitsa. Akutani pano?

— Akhala pansi. Akuyang'ana kumsewu. Fermín, ndisakunamize, mwina pofika Lachisanu adzakhala ataiwalanso. Mwina adzakupatsanso mpando.

— Ndikudziwa.

— Ndiye?

— Uwauze a Benítez thaulo lawo akasambire. Ugule nthiti ndi masoseji, makala ndibwera nawo. Noelia ndi mwana ndibwera nawonso, nthawi yakwana yoti ababa amutseke maso mwanayo, aphunzire kumva injini.

— Galimotoyo ifika kuno?

— Ikafuna kukankha, tikankha. Ndinyamuka Lachinayi.

— Kaseti usaichotse. Iii, foni yalira, mayunitsi atha. Koma ukafika n'kupeza sakukudziwa, usakathawirenso m'bafa, wamva?

— Sindithawa. Ndikaima pakona ya kwa a Benítez, ndizimitse, ndidikire mpaka izizire.

— Izizire? Chifukwa chiyani?

— Kenako ndiilize pageti penipeni, ndiponde mafuta mpaka pansi.

— Adzakutukwana mpaka msewu wonse umve!

— Ndi zimene ndikubwerera, achemwali. Uwakhazike pakhonde.

— Chimutu iwe, ndiwe wamisa...

— Halo? Gri? Halo?