Bwalo la Duwa Limodzi

Kalekale, ku Citywest kuno kwa azungu kusanamere nyumba zosanjikizanazi, inu musanabadwe, ine ndi anti anu a Nachisale tinali titangotuluka ku hositelo ya othawa kwawo, komwe tinatha zaka zisanu m'chipinda chimodzi, ndipo Mulungu anatiponyera kanyumba ka lendi kano, kali ndi kapinga wake kutsogolo. Iwe Tadala, tagoneka foniyo, si iwe umafunsa kuti bwanji pakhomo pano pali duwa limodzi lokha?

Nyumba zonse mumsewu muno zinali ngati mazira a nkhuku imodzi, zitseko zoyera, udzu wometedwa mofanana. Inu munabadwa mukuzidziwa, koma ife sitinkadziwa kuti kuli anthu otchedwa manejimenti, oyenda ndi kabuku kuona amene wapenta chitseko mtundu wina kapena wayanika zovala kumsewu.

Tsiku loyamba anti anu anayang'ana kapingayo n'kugwira pakamwa. "Abambo, ankakhala muno anali alesi chotani? Tchire mpaka pakhomo! Njoka sizilowa?"

Ine ndinkadziwa kuti dziko lino lilibe njoka, koma ndinangowasiya, paja ndimakonda kuona komwe zinthu zikupita.

Pobwera ku ntchito mawa lake ndinapeza udzu wonse wapalidwa, dothi lili mbee, losesedwa bwino, mizere ya tsache itapindikapindika ngati mamba a nsomba. Ndinaima pageti, ana inu, fungo la dothi lonyowa litandilowa m'mphuno, ndipo tsache likuti shwa, shwa, ndinaona nkhungu ya kwathu ku Dedza ikutsika phiri, ndinaona mayi anga atawerama pabwalo, nayonso basi yodutsa kumsewu inkalira ngati chigayo cha patali. Anti anu ankaimba. Chichokereni kumudzi ndinali ndisanawamvepo akuimba.

Sabata isanathe kalata inafika. Ine sukulu ndinatsanzikana nayo mu Sitandade 4 popanda kukangana, ndiye ndinapita nayo kwa a Mwale, nesi wa ku Zambia wa nyumba yoyandikana nafe.

"Ba Phiri, mwaipanga," anatero a Mwale. "Akuti mwaononga maonekedwe a msewu. Udzu ukapanda kubwelela pa masabata anayi azauza landilodi, ndipo imwe muzabwelela ku hositelo na tsache yanu."

Anti anu atamva anaimika tsache kuseri kwa chitseko, nyimbo inathera pomwepo. Nyumba sindinkafuna kuitaya, koma nyimboyonso ayi.

Ndinabwerera kwa a Mwale. "Achimwene, tandiwerengerani malamulo onsewo, pang'onopang'ono ngati mukudyetsa wodwala."

Anawerenga za zitseko, za mabini, za madishi a TV, mpaka anafika poti munthu akhoza kukhala ndi fulawa bedi, kamunda ka maluwa.

"Imani pomwepo. Akuti maluwa angati?"

"Sanakambe."

"Kukula kwake?"

"Sanakambe. Ba Phiri, maso yanu yayamba kuniyofya."

Ndinadzala kapinga m'mphepetemphepete, kamzere kopyapyala ngati ndevu za mnyamata, pakati ponse ndinazunguliza timiyala toyera, ndipo pakatikati penipeni ndinazika duwa limodzi lofiira logula ku shopu.

Masabata anayi aja atakwana, mayi wa manejimenti anafika ndi kabuku kake, anti anu akusuzumira pakatani. Mayiyo anayang'ana dothi, anayang'ana ine.

"Ichi n'chiyani?"

"Fulawa bedi, madamu," ndinayankha m'Chingerezi changa chothyokathyoka.

"Nanga maluwa ali kuti?"

"Ilo. Anzake akubwera, akudikira mapepala."

Anabisa pakamwa ndi kabuku kaja, mapewa akugwedezeka. Anatsegula malamulo ake, anawerenga, anawerenganso, analemba kanthu, n'kumapita. Kalata ina sinabwerenso mpaka lero. M'mawa mwake, kusanayere bwino, ndinamva shwa, shwa, kenaka nyimbo ija.

Masiku ano inu kalata ya manejimenti ikabwera mumangoti sole, sole, musanaiwerenge n'komwe. Malamulo a eni dziko muziwalemekeza, ana anga, koma muziwawerenga mpaka kumapeto, chifukwa penapake pamakhala kampata kokwana tsache la anti anu. Ndipo potuluka mudzere m'mbali, anti anu asesa kale.