Tsitsi la Tadala Linameranso

Aleluya! Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Ine ndine Nabanda wa ku Golomoti, ndimalima mpunga ku Bwanje. Lero musandidule pakamwa, mtima wanga wadzaza!

Tadala mwana wanga, taimirira akuone. Mtsikana ameneyu anatupa tsaya. Tinkati ndi dzino. Kutupa, kutupa, mpaka diso kutsekeka. Kuchipatala chachikulu ku Lilongwe anati ndi khansa, n'kuyamba kumupatsa mankhwala a m'diripi. Kenako anatibweza kumudzi kuti akapume, atatiuza tsiku lobwererako.

Ndiye m'mawa wina ndikuyalula mphasa, ndingoona tsitsi lili mbwee! Ndimugwire m'mutu, likungotsalira m'manja. Mayo ine! Abale, kwathu kuno timameta liti? Si maliro akatha? Apongozi anga atalowa anagwira pakamwa.

"Imfa yayamba kale kumumeta mwanayu," anatero. "Musapite nayenso, adzatsirizikire pakhomo."

Ndinalira, abale, ndinalira. Ndinati basi, sitibwererako.

Koma Mulungu sagona! Bambo ake a Tadala ali ndi mlongo wawo, a Esnati, amene amachita kafukufuku mu labotale. Ife tinkawaseka, eti dokotala wanji wosabaya jakisoni, wongosuzumira timadzi m'timabotolo! Atamva nkhaniyi pafoni anakwera minibasi tsiku lomwelo.

"Alamu, khalani pansi," anandiuza. "Thupili linamangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo timatumizirana mauthenga. Selo likakalamba kapena likawonongeka limalandira uthenga woti ntchito yatha, n'kufa kuti thupi likhale bwino. Uthenga umenewo ndi umene ine ndimafufuza. Maselo a khansa saumva, amangoswana. Mankhwalawa amawakakamiza kufa. Amagwira maselo ochulukana msanga, n'chifukwa chake tsitsi nalo lathothoka. Lidzamera. Koma mukasiyira panjira, chotupa chibwerera ndi ukali."

Ndinafunsa, "Alamu, mukuti ilipo imfa yosunga moyo?"

"Ilipo, ndipo ikuchitika m'thupi mwanu panopa."

Apongozi anapukusa mutu. "Iwe Esnati, sukulu yakuiwalitsa. Tsitsi silinama."

"Amayi, lisiyeni tsitsilo. Tagwirani tsayali."

Anagwira. Anagwiranso. Abale ndi alongo, tsaya linali litayamba kuphwa! Diso lija likuphethira! Tonsefe maso anali pamphasa, mwana mwiniwake osamuyang'ana kumaso! Apongozi anaimirira okha n'kuyamba kumanga katundu wa ulendo.

Tinabwerera. Sizinali zophweka ayi. Ankasanza, ankakana chakudya, ine ndikungopemphera pambali pa bedi. Koma tinamaliza mankhwala onse, osadumphitsa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaika uthenga umenewu m'matupi mwathu. Ndikuthokoza madokotala ndi anamwino. Ndikuthokozanso anthu osuzumira timabotolo aja, amene sitiwadziwa n'komwe, koma ntchito yawo inafika mpaka pamphasa yanga. A Esnati sindiwasekanso, mpunga woyamba kupuntha umapita kwa iwo!

Masiku ano Tadala ali pasukulu, amandithandiza kuingitsa mbalame kumunda, ndipo kuchipatala timapitabe kuti akamuone. Dzulo agogo ake omwe aja ankamupesa, chipeso n'kuthyokera m'mutu! Anaseka mpaka misozi.

Tadala, vula mpangowo, mwanangu. Vula aone! Aleluya, Amen!