Mendulo ya adada ndinaitsuka ndi mchenga

Ndikulemba kuchokera kufupi ndi Jenda, kuno ku Mzimba. Dzina langa musatchule.

Bambo anga ndi msilikali wopuma, ndipo maso awo saonanso bwino. Mapepala awo a usilikali anadyedwa ndi chiswe kalekale. Umboni umene unatsala ndi mendulo imodzi yokhala ndi nambala yawo m'mphepete.

Chaka chatha tinauzidwa kuti asilikali akale akalemekezedwa pa boma, komanso akalembedwa mayina kuti azilandira thandizo. Mendulo ija inali itada. Ndinaikwecha ndi mchenga ndi phulusa monga timachitira ndi mapoto, mpaka inawala.

Pa boma, bambo wolemba mayina anaitembenuza kawiri, n'kuyang'ana ine.

"Amama, nambala ili kuti?"

"M'mphepetemo."

"Inalimo kale. Mwakwecha chomene. Popanda nambala sindingawalembe."

Adada anaipapasa ndi chala. Anzawo anakhala pamipando kutsogolo, ife tinaima kumbuyo pakati pa anthu wamba. Lipenga litayamba kulira, adada anaima chilili, manja m'mbali, mpaka linatha.

Sindinalire. Mpaka lero ndimaphika, ndimapita kumunda, ndimawakonzera madzi osamba, koma mumtima muli zii. Thandizo lija anzawo anayamba kulandira.

Nkhaniyi tinaikamba kamodzi kokha, mu minibasi pobwerera tsiku lomwelo.

"Adada, ndapota, mundikhululukire."

"Mbwenu, basi, mwana wanga," anatero. "Nambalayo ndimaidziwa pamtima. Kungoti palibe anandifunsa ine."