Katani Yosatha Kusokedwa

Pa siteji ya basi, mayi wachikulire anayang'anitsitsa kachikwama kamene mtsikana wina anakafungatira ngati khanda.

"Mwanyamula mazira, mwananga?"

"Ayi mayi, ndi mkaka wa m'mawere. Ndimafinyira kuntchito, mwana amamwa mawa lake."

"Anakupatsani chipinda?"

"Chipinda chake chiti? Timasoka zovala, tonse malo amodzi, ndi amuna omwe. Mawere akadzaza, anzanga awiri amaimirira n'kutambasula katani ngati akuiyeza, ine ndili kuseri ndi kabotolo kanga. Wachitatu amaliza makina kuti kapampu kasamveke."

"Abwana osadabwa?"

"Amangoti katani imeneyi ndi yovuta."

"Nanga mwiniwake sakuifuna?"

"Amabwera ndithu. Timamuuza kuti watsala mpendero wokha."

"Mpenderowo udzatha liti?"

"Mwana akadzasiya bere, mayi."