Bhiyaram Siyag, Munthu wa Pachulu

Malemu achimwene anga, a Bhiyaram Siyag, anabadwa pa 9 Malichi 1951 m'mudzi uno wa Rohidasar, m'boma la Nagaur. Anali oyamba mwa ana asanu a bambo Jodharam ndi mayi Jhamku. Ine ndikuyankhulane ndine Hadmanram, chitsirizira m'banjamo, ndipo lero ndatsala ndekha.

Sukulu anayamba mu 1958, koma analekezera kalasi yachisanu chifukwa cha chilala. Atakula anatengera ntchito ya bambo athu yokumba zitsime. Bambo ndi amene anawaphunzitsa kuti chiswe sichimanga pouma: ukaona chulu chamoyo m'chipululu, pansi pake pali madzi.

Mu 1972 anakwatira alamu angawa, a Sugni, a kubanja la Beniwal.

Mu 1975 analembedwa ntchito yoyendetsa ngamila za akatswiri ofufuza miyala ya m'migodi. Akatswiriwo ankavutika chifukwa mchenga wa kuno unakwirira thanthwe mwakuya. Tsiku lina malemu anauza mkulu wawo kuti, "Bwana, mukudzivutitsiranji? Chiswe chimatsika mikono makumi atatu kukatunga madzi, n'kukwera ndi dothi la pansipo. Osangoyeza dothi la pachulu bwanji?" Anawaseka, koma atayeza anasiya kuseka. Kuyambira pamenepo malemu anayenda zaka makumi awiri ndi zinayi m'chipululu chino, kutapa dothi la pachulu m'timatumba. Poti ife a chipembedzo cha Bishnoi sitipha chamoyo, sanagumulepo chulu ngakhale chimodzi. Ankangopala m'mbali ndi sipuni. Anzawo anawapatsa dzina loti Achiswe, ndipo iwo ankalivomera akuseka.

Mu 1999 dothi limene anatapa pabusa la mudzi uno linaonetsa mkuwa. Ndikukumbukira mmene anafikira pakhomo panga, fumbi lili mbuu, asanamwe ndi madzi omwe. Anati, "Hadman, msewu ukubwera, chipatala chikubwera. Ana athu sadzapitanso kutali kukasaka ntchito." Akuluakulu a mudzi anavomera kuti pabusapo pakumbidwe mgodi chifukwa chokhulupirira malemu, munthu amene anali asananamizepo aliyense.

Kampani ya mgodi inafika mu 2004. Tinakana kuti isadule mitengo yathu ya khejri, ndipo sinadule. Koma makina ake ankapopa madzi a pansi osalekeza, mpaka mitengoyo inauma yokha ili chiimire. Zitsime zinayamba kutuluka mchere, zina zinaphwa. Mu 2011 kampani ija inati mkuwawo ndi wochepa, inapakira katundu wake n'kutisiyira dzenje. Mudzi umene unali ndi mabanja zana limodzi ndi makumi anayi lero uli ndi mabanja khumi ndi asanu ndi anayi.

Sindibisa, abale anga, zaka zotsatirazo zinali zowawa. Ena a inu munasiya kuwapatsa moni. Mayi wina anawafunsa pachitsime, mtsuko uli wouma gwa, kuti, "Achiswe, nanga mkuwa wanu uja timwe?" Malemu anangobwera kwa ine n'kunena kuti, "Chiswe sichinaname, mng'ono wanga. Wolakwa ndine amene ndinaulula." Sindikunena izi kuti ndidzudzule munthu pamaliro. Ludzu limayankhulitsa.

Malemu anagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri m'shedi yoperera miyala pamgodipo. Mu 2016 anayamba kutsokomola. Madokotala ku Jodhpur anati fumbi la miyala linaumitsa mapapo, ndipo mankhwala ake kulibe. Ngakhale ankapuma mobanika, m'mawa uliwonse ankatenga ndodo kukafunafuna chulu chamoyo, akuti akachipeza tikumba chitsime chatsopano, anthu abwerere. Anayenda motero zaka zisanu ndi chimodzi. Chilichonse chimene anagogoda chinali chigoba, chiswe chinasamuka kalekale. Mu 2022 miyendo inakana.

Anatisiya pa 14 Meyi 2024, dzuwa lili paliwombo, ali ndi zaka 73. Madzi osambitsira thupi lawo anachokera kumudzi wina pathirakitala.

Asiya mkazi wawo a Sugni. Ana aamuna awiri, Kishnaram ndi Birbal, amene amagwira ntchito m'mafakitale a nsalu ku Surat. Mwana wamkazi Dhapu, wokwatiwa ku Nokha. Ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri, zimene palibe n'chimodzi chomwe chobadwira muno.

Banja likuthokoza a Sukhram Godara chifukwa cha thirakitala, amayi amene anaphika mikate ya mapira, ndi azibambo asanu ndi mmodzi amene anakumba manda m'dzuwa lija. Tikuthokozanso inu amene munali ndi chifukwa chosabwerera koma mwabwera.

Ndidziwitsenso kuti masiku khumi ndi awiri a maliro akatha, alamu anga apita ku Surat ndi ana awo, ndipo nyumba iyi itsekedwa. Pali ng'ombe ziwiri m'kholamo. Amene akukhala kumene kudakali madzi andione tikamwazikana, azitenge.

Achimwene, munatifunira zabwino. Mchenga uno ukupepukireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.