Mapesi a Fodya Amene Ndinayamba Kuotcha

Moni abale ndi alongo, inu a mumpingo mwathu ndi inu amene mawuwa akupezani kutali. Ndine Mbewe wa ku Chisemphere, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ntchito inandithera.

Ndinkagwira pa fakitale ina ya simenti, ntchito yanga inali yothira malasha opita m'ng'anjo yaikulu yootchera miyala. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma kuwerenga sindinaleke. Nyuzipepala yokulungira usipa ndimayamba ndaiwerenga ndiwo zisanalowe mumphika. M'mapepala onunkha nsombawo ndi mmene ndinadziwira kuti utsi wa malasha ukusokoneza nyengo, ndi kuti mafakitale ena akusaka zina zosonkhezera moto. Ndinkafotokozera anzanga pa nthawi yopuma, iwo n'kunditcha Pulofesa. Dzinalo ndinkalikana ndi pakamwa pokha.

Kenako zinthu zinathina. Malasha ankachokera kutali ndipo ankangokwera mtengo, pomwe simenti yolowa kuchokera kunja inkapezeka yotchipa m'mashopu. Ng'anjo inayamba kumazima masabata athunthu. Tsiku lina anatiitana, n'kutiuza mwaulemu kuti tikadikire kunyumba. Pulofesa anabwerera kumudzi atanyamula magambuti okha.

Ndinadikira mpaka dzinja linatha. Kamunda kathu ka fodya sikanatulutse zokwanira, ndiye alamu anga anandipezera malo a utenanti pa esiteti ina cha ku Santhe. Ndinkadziwa tanthauzo lake: kutseka nyumba, kuchotsa ana athu atatu pasukulu, n'kukalima fodya wa eni. Ndinavomera, koma mtima unkawawa. M'mawa uliwonse ndinkapemphera pemphero limodzi, lakuti malole a malasha abwerere. Tsiku lina nditangoti ameni, akazi anga anandifunsa kuti, “Bambo a Chifundo, si inu mumatiphunzitsa kuti malasha akuthamangitsa mvula? Lero mukuwapempherera?” Kuyambira pamenepo ndinkangoti, Ambuye, njira mukuidziwa ndinu, ine zanga zandithera.

Inu alimi mukudziwa kuti tikatha kukolola timazula mapesi a fodya n'kuwaotcha, kuopa kuti matenda angagonere m'munda. Alangizi saseka nazo zimenezi. Kutatsala masiku awiri kuti tisamuke, ndinaunjika mapesi anga milu isanu, ndikufuna kusiya munda uli woyera. Mulu woyamba utangoyaka, lole inaima pamsewu, ndipo munatsika a Chirwa, dalaivala amene ankatibweretsera malasha kale.

“Imwe a Pulofesa, zimitsani!” anakuwa akuthamanga. “Kuwerenga konse kuja, mukuotcha ntchito yanu?”

Tinazimitsa ndi nthambi zaziwisi ndi dothi, tikutsokomola. Atapuma anandiuza kuti kufakitale ayamba kusakaniza malasha ndi zotsalira za m'minda, mapesi, makoko a mtedza ndi zitsononkho, kuti achepetse utsi komanso kuti simenti yathu ithe kulimbana ndi yakunja ija. Iwo anali atayenda masiku angapo akusaka mapesi, koma mudzi uliwonse ankangopeza phulusa, chifukwa anthu akuno timamvera alangizi. Kufakitaleko ankasowa munthu wodziwa ng'anjo, wodziwanso kuyankhula ndi alimi moto usanayatsidwe.

Abale, manyazi anandigwira. Nkhani imeneyi ndinaiwerenga ndine, ndinailalikira ndine, koma itafika m'munda mwanga ndinaikolezera machesi.

Ntchitoyo anandipatsa ine, ndipo ku Santhe sitinapite. Lero ndimayenda panjinga m'midzi, kuuza alimi kuti azule monga kale koma asaotche, aumitse bwino, lole ibwera kudzatenga. Munda umayerabe, matenda sagonamo, ndipo Chifundo ndi azing'ono ake akadali pasukulu. Sindikunamizani kuti zonse zatha. Malasha akuyakabe, simenti yakunja ikulowabe, ndipo za chaka chamawa adziwa ndi Mulungu. Koma ndaona kuti ndinkapempha kuti zakale zibwerere, pomwe Iye anali ataunjika kale yankho m'munda mwanga, ndi manja anga omwe.

Ndikuyamika Mulungu, ndikuthokozanso a Chirwa chifukwa cha mabuleki awo, ndi mayi a Chifundo chifukwa cha funso lawo lija. Inu amene zakuthinani, musaleke kupemphera, ndipo musafulumire kutaya zimene mukuziyesa zinyalala. Ine mulu umodzi unandipsera. Inayi inatsala, ndipo ndi imene inasunga banja langa pakhomo.