Tsamba Lathu la Uchi Linandisandutsa Sing'anga

Moni abale ndi alongo. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Ine ndine Lufeyo Phiri, wa kuseri kwa phiri uku, njira ya ku Malomo. Ndimaweta njuchi. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Zolankhula sinditha, ndiye ndinena zomwe zinachitika basi.

M'gulu lathu la alimi a njuchi ndine wapampando. Zaka zapitazo kunabwera bungwe lina kudzatiphunzitsa kufula uchi mwaukhondo. Pochoka linatisiyira tsamba la pa intaneti. Pamwamba anaikapo chithunzi changa, nditavala jekete yomwe ino, botolo la uchi lili m'manja. Pansi pake dzina langa ndi nambala ya foni. Anati kampani ina ya ku Lilongwe izitisungira tsambalo pa makina ake, ife tizilipira chaka ndi chaka. Tinkalipira. Ogula a m'tauni ankaimba. Uchi unkayenda. Ine tsambalo sindinkalitsegula. Ndinkaliyesa chikwangwani cha pa golosale, choti ukalemba walemba.

Kenako foni inayamba kulira za mtundu wina. Mayi wina anati mwamuna wake anathawira ku Joni, ndimubweze. Ndinati mwalakwitsa nambala. Bambo wina ankafuna mankhwala opambanira mlandu. Onsewa ankanditchula dzina langa lenileni.

Ndinakazionera pa msika wa Malomo. Gelesomu, mnzanga wokonza njinga, anandionetsa pa foni yake. Chithunzi changa chili pomwepo. Jekete yomweyi. Botolo lomwelo. Koma nkhani ya uchi palibe. Pali mawu otsatsa sing'anga wamphamvu, wobweza okondedwa, wolemeretsa osauka. Amene analemba zimenezo anaika nambala yawo kumunsi kwenikweni, koma munthu amaimba yomwe wayamba kuiona. Botolo la uchi lija linaoneka ngati mankhwala.

"Adokotala, ndiye mumatibisira anzanu?" anatero Gelesomu. "Wanga mkazi sanathawe, koma mundipatsiretu mankhwalawo ndisunge."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

Abale, nthawi imeneyo n'kuti ndili mkulu wa mpingo uno. Akulu anzanga anandiitana. Ena muli pompano, ndipo sindikukudandaulani. Munaona zomwe munaona. Anandiuza kuti ndibweretse zinthu za using'angazo tizitenthe, monga timachitira munthu akalapa, kutentha nyanga ndi zithumwa kuseri kwa tchalitchi. Ndinati ndilibe. A Mbewe, mkulu mnzanga, anati ngati zili m'foni, foniyo ipse. Ndinaiika pa tebulo. Abusa anatsegula yawo, ndipo sing'anga uja analinso momwemo.

Ndinati, "Mukatentha yanga, mutenthenso ya abusa."

Sanatenthe. Koma anandiimitsa ukulu ndi mgonero mpaka nkhani imveke bwino.

Ndinaimbira kampani ija. Anati akuyang'ana. Anachotsadi mawuwo, uchi unabwerera. Pasanapite nthawi sing'anga anabweranso. Ndinaimbanso. Anachotsanso. Anabweranso. Nthawi iliyonse akabwera, kuno anthu ankati Phiri wabwerera ku zakale.

Lamulungu la mgonero ndinakhala pa benchi yakumbuyo. Mbale inadutsa. Woinyamula anali munthu amene ndinamuphunzitsa kalasi ya ubatizo ndine. Anayang'ana pansi, ine ndinayang'ana kutsogolo. Mkazi wanga Nabanda anasiya kupita ku msonkhano wa amayi. Tsiku lina tikupalira anaima n'kunena kuti, "Bambo, ndiuzeni ine ndekha. Sindiuza munthu."

Pamenepo ndi pamene panandiwawa. Enawo ayi. Ameneyo.

Ndinapemphera. Pemphero langa silinali lalitali. Ndinati Ambuye, dzinali munandipatsa ndinu, ndibwezereni.

Uchi wina ndimakagulitsa ku Dzaleka, ku msasa wa anthu othawa nkhondo. Kumeneko kuli mayi wina wa ku Congo, Mayi Furaha, amene amandigula nthawi zonse. Ali ndi shopu ya makompyuta, ndipo amapanga masamba a pa intaneti. Ndinali ndisanawafunsepo za ntchito yawo. Tsiku limenelo foni inalira ndili m'shopu mwawo, ndipo anamva ndikukana kuti sindine sing'anga. Anafunsa. Ndinawauza.

Anatsegula tsambalo n'kulifufuza. Anati vuto silili pa ine, komanso silili pa chithunzi. Mapulogalamu amene akuyendetsa makina a kampaniyo ndi akalekale. Amene anawapanga anasiya kuwakonza, ndipo mbava za pa intaneti zimadziwa polowera ponse. Sindinamve. Anabwereza. Sindinamvebe. Ndiye anandifunsa kuti kodi kampaniyo inati imatichitira chiyani. Ndinati imatisungira.

Nditatchula mawu amenewo ndinamva ndekha. Kwathu kuno munthu amasungitsa mbuzi kwa mnzake. Mbuzi ndi zako, khola ndi lake. Mitengo ikadyedwa ndi chiswe, wosungayo ndiye amasintha. Awa a kampani, fisi akalowa, ankangosesa magazi, mitengo yoola ili chomwecho.

Ndinafunsa ngati kholalo ndiye laola. Mayi Furaha anati ee, ndi zimenezo. Ndinafunsa ngati mbuzi zingatuluke. Anati zingatuluke, bola kampaniyo indipatse zonse za pa tsambalo, ndi manambala achinsinsi osamutsira dzina lake kupita kwina.

Ndinakwera minibasi. Ku ofesi ya kampani ija ku Lilongwe ndinapeza bambo wa tayi, waulemu ndithu. Sanakane kuti mapulogalamu awo ndi akale. Anati akawasintha, masamba a makasitomala ena asokonekera, ndiye akuganizirabe. Ndinati aziganiza, ine ndabwera kudzatenga zanga. Anati abwana kulibe. Ndinati ndiwadikira. Ndinakhala pa mpando, chikwama pamiyendo. Anandiuza kuti ndibwere tsiku lina. Ndinangokhala.

Foni inalira. Mayi wina, akulira, akuti mwamuna wake watengedwa ndi mkazi wa pa bala. Ndinamupatsa bambo uja foniyo.

"Ayankheni. Ndi kasitomala wanu ameneyu."

Anamvetsera pang'ono. Nkhope inasintha. Anawauza mayiwo modekha kuti pano palibe sing'anga, n'kundibwezera foni. Analowa m'chipinda china. Abwana aja anapezeka kuti alipo. Ndinatuluka ndi zonse.

Mayi Furaha anayeretsa tsambalo n'kulisamutsira ku kampani ina, yosintha mapulogalamu ake nthawi ikakwana. Ndinapita kwa akulu a mpingo. Za mapulogalamu sindinanene. Ndinanena za khola. A Mbewe anamva msanga, chifukwa iwo fisi anawadyerapo mbuzi zosungitsa. Komabe akulu anati tidikire tione. Ndinati chabwino. Abusa ankatsegula tsambalo Lamulungu lililonse tisanalowe m'tchalitchi. Uchi. Lotsatira, uchi. Mvula inatha, chimanga chinauma, uchi wokhawokha.

A Mbewe anabwera kunyumba. Sanapepese ndi pakamwa. Anakhala pa khonde, tinakamba za fodya, pochoka anagula botolo. Ine ndinamva.

Lero zili chonchi. Ming'oma yanga ilipo. Ogula abwerera, ngakhale si onse. Pa tsambalo ndinachotsa nkhope yanga, pali ming'oma. Ndikapita ku Dzaleka ndimafunsa ngati khola lili bwino, ndipo Mayi Furaha amayang'ana ine ndili pomwepo. Gelesomu amanditchulabe Adokotala. Ndimamusiya. Foni zija zimabwerabe mwa apo ndi apo. Ndimawauza kuti ine ndili ndi uchi, za mwamuna wothawa akauze Mulungu. Nabanda anabwerera ku msonkhano wa amayi. Uyo ali apoyo.

Ndikuthokoza Ambuye amene anadzera mwa mlendo wothawa nkhondo kudzandibwezera dzina. Ndikuthokoza abusa ndi akulu, amene andiuza m'mawa uno kuti nkhani yatha.

Abale ndi alongo, lero ndi mgonero. Mbale ija ikafika pa ine, iima.

Ameni.